Funsani Amalume: bokosi la kompyuta ya magemu, tigule lagalasi kapena lasefa?

Makalata a mwezi uno ambiri akukhudza mabokosi a makompyuta. Ndasankhapo asanu. Yoyambayo ndaiyankha motalikirapo chifukwa mayankho a enawo akutsamira pa iyo.

*Amalume, ndakhala ndikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti ndimange kompyuta ya magemu. Motherboard (bolodi lalikulu lolumikizirapo zipangizo zonse) ya muyeso wa ATX ndagula kale, purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 5 ndi graphics card (khadi yopanga zithunzi za gemu) ya RTX 3060 zili m'njira. Chatsala ndi bokosi. M'tauni ndaona lina lokongola kwabasi, galasi kutsogolo ndi m'mbali, mafani anayi owala mitundumitundu, ndipo power supply (chogawira magetsi m'kompyuta) akupereka momwemo. Koma msuweni wanga amene amapitapita ku Johannesburg akuti angandibweretsere Corsair 4000D Airflow. Ndi lodulirapo, lilibe nyali, mafani ndi awiri okha. Kodi kumeneko si kutaya ndalama?*
Mnyamata wa ku Chilenje

Mwanawe, umuuze msuweni wakoyo abweretse. Koma popeza ndalamazo wazikhetsera thukuta, ndikuuze chifukwa chake, komanso zimene ukapeze ukalitsegula, zokoma ndi zosakoma zomwe.

Ntchito yaikulu ya bokosi ndi kulowetsa mpweya wozizira ndi kutulutsa wotentha. RTX 3060 yakoyo ikalimbikira gemu imadya mawati pafupifupi 170, purosesa n'kuwonjezerapo ena 65 kapena kuposerapo, ndipo magetsi onsewo amathera kusanduka kutentha mkati mwa chitsulo chotsekedwa. Kutenthako kukapanda kutuluka, zipangizo zimadziteteza zokha pochepetsa liwiro. Mapurosesa a masiku ano amayamba kutero akafika madigiri 95 mpaka 100, graphics card imayamba kubwerera m'mbuyo isanafike n'komwe pamenepo. Iwe umangoona gemu yomwe inayamba bwino ikudukiza pakati pa mpira, n'kumanamizira intaneti.

Ndiye bokosi la m'tauni lija upite ukalionenso, koma ulendo uno nyali uzisiye. Ukayang'ane mpata umene uli pakati pa galasi la kutsogolo ndi mafani. Mabokosi ambiri otere mafani amakhala atatsamira galasi, mpweya n'kumalowera pa timing'alu ta m'mbali tomwe ngakhale chala sichilowa. Amazungulira, amawala, amasokosa, koma akupuma ngati anthu a mu minibasi yodzaza pa siteshoni ya Kulima Tower mu Lusaka mwezi wa Okutobala mawindo onse ali chitsekere. Ukayang'anenso waya wa mafaniwo. Ukapeza pulagi yaikulu ya mabowo anayi yolumikiza ku power supply, ya Molex ija, dziwa kuti mafaniwo adzathamanga liwiro limodzi usana ndi usiku, sungawachepetse kapena kuwawonjezera. Vuto la kutsogolo kotseka si la mabokosi otchipa okha ayi. Kampani ya NZXT inagulitsa kwambiri bokosi lake la H510 lotseka kutsogolo, koma mu 2021 inatulutsa lina, H510 Flow, la timabowo kutsogolo konse. Akanakhala kuti chitsulo chosalala chikukwanira, sakanavutika n'kuboola.

Pali chinanso chimene anyamata oonera YouTube amaiwala. Azungu amene amayesa mabokosiwa amayesera m'zipinda zoziziritsidwa, madigiri 21 kapena 22. Kuno mu Okutobala kunja kumadutsa 30, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i masana kumaposa pamenepo. Digiri iliyonse yowonjezereka m'chipinda imakawonjezerekanso pa purosesa. Komanso Lusaka ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero mpweya wathu ndi wopepukirapo ndipo sunyamula kutentha kochuluka ngati wa ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Bokosi limene kwa iwo akuti "likutentha pang'ono koma n'lopiririka", kwa ife ndi uvuni.

Tsopano tilitsegule la msuweni wakolo. 4000D Airflow linatuluka mu 2020. Kutsogolo ndi chitsulo chobooledwa timabowo ta makona atatu kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo chimachoka pongochikoka ndi manja, osafuna sikuludiraiva. Kumbuyo kwake kuli sefa ya fumbi. Ina ili pamwamba, yogwira ndi maginito, ndipo yachitatu ili pansi pa power supply, imasololoka ngati dirowa. Kwa ine masefa atatuwa ndiwo mtengo wa bokosili. Sefa imene imafuna kumasula masikuluwu asanu ndi limodzi palibe amene amaitsuka, ngakhale atalumbira tsiku logula.

Mkati ndi motakasuka. Motherboard ya ATX, yomwe muyeso wake ndi mamilimita 305 kwa 244 kuyambira pamene Intel inaukhazikitsa mu 1995, imalowa bwinobwino, ndipo zazing'ono za Micro-ATX ndi Mini-ITX zimalowanso. Graphics card ikhoza kutalika mpaka mamilimita 360, cooler, choziziritsira purosesa, mpaka 170. Manambala awiriwa uwasunge pamutu, chifukwa ndi amene amalirisa anthu. Cooler yotchuka ya Hyper 212 ndi yaitali pafupifupi 159, chimphona cha Noctua NH-D15 ndi 165, zonse zimalowa galasi n'kutsekeka. M'mabokosi opyapyala a m'mashopu ambiri, cooler yotere imatulukira kunja, munthu n'kumayendetsa kompyuta ili chitsegulire. Khadi yako ya 3060 ndi yaifupi, koma tsiku lina udzafuna yaikulu, ndipo zambiri zazikulu za masiku ano zimadutsa mamilimita 300.

Pansi pali chivindikiro chachitsulo chobisa power supply ndi mawaya ake. Mmenemo mulinso kabokosi kolowa ma hard drive awiri aakulu osungira mafayilo, ndipo kuseri kwa motherboard kuli malo a ma SSD awiri, zosungira mafayilo zazing'ono. Kuseri komweko anasiya mpata wa mamilimita 25 ndi ngalande yodutsitsa mawaya yokhala ndi malamba omata. Izi zimaoneka zazing'ono mpaka tsiku loti utseke chitseko cha kumbuyo waya wonenepa wa mapini 24 uli pakati. Amene anamangapo m'bokosi lopanda mpatawu amadziwa kugwada pa chitseko kuti sikuluwu ilowe. Chitsulo chake nachonso m'mphepete anachipinda, sichicheka zala.

Zosakoma zilipo. Mafani awiri a mamilimita 120, imodzi kutsogolo ina kumbuyo, ndi ochepa pa nyengo yathu. Kutsogolo kumalowa atatu a 120 kapena awiri a 140, ndiye uikiretu padera ndalama ya mafani awiri owonjezera, ndipo onse apite kutsogolo. Pamwamba pali USB imodzi yokha yamakona ija ndi ina ya USB-C, kumene kwa munthu wa ma flash ambiri ndi kupanikizika, ndipo ya USB-C siigwira ngati motherboard yako ilibe polumikizira pake. Uyang'ane m'kabuku ka motherboard usanasangalale. Malo a DVD palibe. Kabokosi ka ma hard drive kaja kamapanikiza mawaya a power supply, ndiye ngati ulibe hard drive yaikulu, kamasule ukasunge m'kabati. Ndipo bokosi lakuda galasi lake n'lodera kwambiri, moti popanda nyali mkati suona kanthu, zimene ine sizindisowetsa tulo koma iwe mwina zikukhudza.

Msuweni wakoyo umuuze asalichotse m'katoni yake pofuna kuchepetsa katundu. Limalemera pafupifupi makilogalamu 8, ndipo ulendo wa pa basi kuchokera ku Johannesburg, pansi pa matumba a anthu ena, galasi limapulumuka chifukwa cha zofewa zoyera zija za m'katoni.

Za power supply yaulere ija, werenga yankho langa kwa mayi a ku Matero.

*Amalume, mwana wanga ali giredi 11. Kompyuta ali nayo, bambo ake anamugulira, koma tsopano akundivutitsa kuti ndimugulire bokosi lagalasi la nyali, akuti magemu azithamanga. Ine za izi sindizidziwa. Akunena zoona? Shopu ina akuti bokosi ndi power supply pamodzi mtengo wake ndi wotsika.*
Mayi wa ku Matero

Mayi, nyali sizithamangitsa gemu ngakhale pang'ono. Mwanayo akufuna chooneka bwino anzake akabwera, ndipo zimenezo si tchimo, koma anene zoona. Bokosi latsopano lingathandize pokhapokha ngati lakalelo likutenthetsa zipangizo. Muuzeni aike pulogalamu yaulere yoonetsa kutentha kwa zipangizo ya HWMonitor, asewere gemu kwa theka la ola, kenaka akuonetseni manambala. Purosesa ikakhala pansi pa madigiri 85 ndipo graphics card pansi pa 80, bokosi lilibe mlandu, ndalamazo zipite ku mayunifomu.

Chimene ndikupempheni ndi chakuti mukagula, power supply yobwera ndi bokosi lotchipa musaigwiritse ntchito. Kachipangizo kameneka ndi kamene kamalandira magetsi a mavoti 230 kuchokera kukhoma n'kuwagawira zonse za mkati. Kotchipa kamalembedwa mawati 500 kapena 600 pa pepala koma sikafikako, ndipo kawirikawiri kamasowa zotetezera. Mukakanyamula m'manja kamapepuka modabwitsa. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atatsika ku damu lopangira magetsi la Kariba chifukwa cha chilala, mmene malaiti ankapitira maola ochuluka pa tsiku. Nthawi yoopsa ndi imene akubwerera, ndipo power supply yosalimba ikamafa imakonda kutenga motherboard n'kupita nayo limodzi. Gulani ya kampani yodziwika yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus ndi waranti yolembedwa. Chizindikirocho chimangonena kuti siitaya magetsi ambiri, si umboni wathunthu wa kulimba, koma imene ilibe n'komwe ndiye muisiye pa shelefu pomwepo. Ndipo malaiti akapita, mwanayo azizula pulagi kukhoma.

*Amalume, ndili ndi kashopu ka magemu, makompyuta anayi, pafupi ndi msewu wafumbi. Anyamata amasewera FIFA ndi Call of Duty kuyambira m'mawa mpaka usiku. Makina amatentha, ndiye ndinachotsa zitseko za m'mbali zonse n'kuimika fani yaikulu ya m'nyumba. Kutentha kwachepa koma fumbi lachuluka zedi. Nditani?*
Bambo wa ku Kalingalinga

Bambo, mwagula kuzizira kwa lero ndi ndalama za mawa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mphepo ya mu Lusaka imanyamula dothi lofiira losalala ngati ufa, ndipo fani yanu yaikuluyo ikulithira molunjika m'mapepala achitsulo a cooler. Likamatirira mmenemo limatseka njira ya mpweya, kutentha kumabwereranso kuposa kale. Mvula ikayamba, fumbi lomwelo limayamwa chinyezi n'kukhala matope pa motherboard.

Bwezerani zitseko, ndipo konzani kayendedwe ka mpweya motere: mafani olowetsa achuluke kuposa otulutsa. Atatu kutsogolo, imodzi kumbuyo, ndi poyambira pabwino. Mukatero mpweya mkati umathinana pang'ono, umatulukira m'ming'alu yonse ya bokosi, ndipo fumbi silipeza polowera kupatula pa sefa ya kutsogolo. Mukachulukitsa otulutsa zimatembenuka, bokosi limayamwa mpweya pa kabowo kalikonse kopanda sefa. Anthu ambiri amaika mafani chagada osadziwa. Mpweya umatulukira mbali imene kuli timitanda togwira mota ndi pepala la dzina, ndipo mafani ambiri ali ndi kamuvi m'mphepete. Mukakayikira, yandikizani kapepala ka tishu, kakuuzani.

Ngati mabokosi anu kutsogolo n'kotseka, simukuyenera kugula anayi atsopano nthawi imodzi. Chotsani chivindikiro cha kutsogolo chokha, m'malo mwake mumatepo sefa. Masefa a maginito amagulitsidwa, koma ngakhale neti yopyapyala ya pa windo imagwira fumbi lalikulu ndi ubweya. Nsalu yothinana kwambiri ayi, imatsamwitsa mafani.

Chachiwiri, makinawo achoke pansi. Fumbi lambiri limayenda m'munsi, mmene mapazi a anyamatawo akupondaponda, komanso power supply ya m'mabokosi amakono imakokera mpweya pansi. Shelefu yofika m'chiuno imasintha zinthu kwambiri. Kumbuyo musiye mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera kukhoma, ndipo makina awiri asapumirane, wina kutulutsira mpweya wotentha pakamwa pa mnzake. Pansi pa shopu muzikolopa, kusesa kumangoutsa fumbi.

Masefa m'nyengo ino muziwatsuka sabata iliyonse. Madzi wamba akwanira, bola aume kotheratu musanawabwezere. Mkati muzipemerera ndi bulowa yamagetsi kamodzi pa mwezi, panja, pulagi itazulidwa. Fani iliyonse muziigwira ndi chala popemerera, chifukwa ikazungulira mopyola muyeso imawonongeka pakati pake n'kuyamba kulira. Kompuresa ya pokonzera matayala musapiteko, mpweya wake umatuluka ndi madzi ndi mafuta. Ndipo ngati makinawo adutsa zaka zitatu osasinthidwa thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi cooler, sinthani, kachubu kamodzi kakwanira onse anayi.

Mundilole ndionjezere chimodzi chomwe simunafunse. Ngati anyamatawo amadyera zitumbuwa ndi mabisiketi pamakina pomwepo, mphemvu zibwera, ndipo malo amene zimakonda ndi mu power supply chifukwa mumafunda ndipo muli mdima. Imodzi ikagunda polakwika mumva kuphulika. Mankhwala opopera musathire mkati. Ikani nyambo ya mphemvu kuseri kwa shelefu, ndipo zakudya zizithera pakhomo.

*Amalume, ndine mtsikana wophunzira pa yunivesite ya UNZA. Ndinagula Dell OptiPlex yogwiritsidwapo kale ntchito, yaing'ono ija yopyapyala. Ndikufuna kusamutsira zonse m'bokosi lalikulu la magemu kuti ndiikemo graphics card. Zitheka?*
Wophunzira wa ku Great East Road

Mwana wanga, zimatheka nthawi zina, koma ndi ntchito yowawa ndipo sindikukulimbikitsa. Makompyuta a m'maofesi a Dell ndi HP ambiri satsata muyeso wa ATX. Mabowo a masikuluwu sagwirizana ndi timiyendo tamkuwa ta m'bokosi latsopano, waya wa batani loyatsira uli ndi pulagi yakeyake, ndipo ma OptiPlex ambiri a zaka zaposachedwa amalandira magetsi pa pulagi ya mapini 6 kapena 8 m'malo mwa 24 imene ili pa power supply wamba. Ena ma USB a kutsogolo anawamatirira pa motherboard penipenipo, ndiye m'bokosi lina amakathera mkati moyang'ana fani. Ukamaliza kugula ma adapter olumikizira mapulagi osiyanawa, ndalama yafika pa motherboard ina.

Njira yachidule ndi kusiya zonse mmene zilili n'kugula graphics card yaifupi msinkhu, ya low profile, yosafuna waya wa magetsi wapadera. GTX 1650 ilipo ya mtundu umenewu, RTX 3050 ya 6GB iliponso, ndipo zonse sizidutsa mawati 75 amene malo olowetsa khadi pa motherboard amapereka okha. Usanagule, tsegula bokosi uwerenge mawati olembedwa pa power supply, chifukwa tina timakhala tochepa kwambiri, ndipo uyeze ndi tepi mpata umene ulipo. Ma OptiPlex ena malo a khadi ali pafupi kwambiri ndi power supply moti khadi yonenepa siilowa. Ujambule mkatimo pa foni, ukamuonetse wogulitsa, ndipo mugwirizane kuti ikakana kulowa ubweza.

Bokosi lalikulu udzagule tsiku limene uzidzagula motherboard yakoyako.

*Amalume, galasi la m'mbali la bokosi langa laphulika lokha! Ndinangolichotsa kuti ndipukute, ndikuliika pansi pang'onopang'ono, basi phwaa, tizidutswa nyumba yonse. Wogulitsa akukana kundisinthira. Kodi anandigulitsa lachinyengo?*
Mnyamata wa ku Kabwata

M'kalata yako sunanene, koma ndikhoza kubetcha kuti pansi pa nyumba yanu pali matailosi. Galasi la mabokosiwa ndi lija lolimbitsidwa ndi moto. Polipanga amalitenthetsa kwambiri n'kuliziziritsa mwadzidzidzi, ndiye kunja kwake kumakhala kofinyika pamene mkati muli mokokeka. Pakati ukhoza kulimenya ndi chibakera osasweka, koma m'mphepete ndi pa ngodya ndi pofooka. Tailosi ndi lolimba kuposa galasi, ndipo likangolikanda pa ngodya ngakhale pang'ono, mphamvu yonse yomangika mkati ija imamasuka nthawi imodzi. N'chifukwa chake limasweka tizidutswa ting'onoting'ono m'malo mwa mipeni italiitali. Galasi lako linali lenileni, ndipo wogulitsayo sindikumuona mlandu.

Tizidutswato uchotse bwinobwino kompyuta isanayatsidwe. Upendeketse bokosi, upemerere, uyang'ane m'mafani ndi m'malo olowetsa timabolodi ta memori ta RAM. Galasi lina la muyeso womwewo kulipeza mu Lusaka n'kovuta pokhapokha bokosi lako likhale la kampani yaikulu, ndipo galasi lolimbitsidwa silidulika kapena kubooleka, ndiye usavutike kupita nalo kwa odula magalasi a mawindo. Galasi wamba nalonso ayi, limenelo likasweka limacheka. Yeza bwino kutalika, kufupika ndi pamene pali mabowo, upite kwa anthu olemba zikwangwani akudulire pulasitiki yoonekera ija ya Perspex, yochindikala mamilimita 3 kapena 4. Imakandika msanga, uzipukuta ndi nsalu yofewa yonyowa pang'ono. Podikira, tseka mbaliyo ndi katoni yolimba kuti mpweya uziyendabe kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo.

Enanu amene magalasi anu akadali amoyo, pochotsa muziyamba mwagoneka bokosi chammbali pa tebulo, galasi lili kumwamba, kenaka mulinyamule ndi manja awiri mukaliike pa bedi kapena pa thaulo. Timphira takuda tokhala pa masikuluwu ake musatitaye, ndipo pomanga muzilekeza sikuluwu ikangogwira.